GOMBE LIMAYENDA: PHUNZIRO LA MAFUNDE, MCHENGA NDI KUKOKOLOKA KWA NTHAKA

CHOLINGA CHA PHUNZIROLI

Pomaliza phunziroli aliyense wa ife athe:

1. kufotokoza m'mene mafunde amamangira gombe ndi m'mene amaligumulira;
2. kusiyanitsa kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja yamchere ndi kukwera ndi kutsika kwa nyanja ya Malawi;
3. kutchula ntchito za anthu zimene zimafulumizitsa kukokoloka kwa gombe;
4. kudziwa kumene tingakadandaule ndi zimene tingachite mogwirizana.

MAWU OYAMBA

Abale ndi alongo, m'mwezi wa Epulo 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kupitirira mamita 476 kuyeza kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi madera ena a m'mphepete mwa nyanja, madzi analowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo. Pamene asodzi ankayanikapo usipa panasanduka poyenda mabwato. Ambiri a ife tinadandaula kuti nyanja yatilanda malo. Koma amene anali aakulu kale mu 1980 akukumbukira kuti chaka chimenecho madzi anafika patali kuposa pamenepa. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Phunziro lathu la lero lagona pa mfundo imodzi. Gombe si malo okhazikika ngati munda wa kumtunda umene malire ake timawadziwa ndi chulu kapena mtengo wa mango. Gombe limayenda. Mchenga umene tikuupondawu unachokera kwina ndipo uli pa ulendo wopita kwina. Choncho munthu amene akukumba, kumanga kapena kutchetcha bango pa gombe sakukhudza malo ake okha. Akukhudzanso malo a mnansi wake, ngakhale amene ali kutali. Kuti timvetse bwino zimenezi, tiyeni tiyambe ndi mafunde.

MAFUNDE AMACHOKERA KUTI?

Mafunde amabadwa ndi mphepo. Mphepo ikamawomba pamwamba pa madzi imawakankha ndi kuwasiyira mphamvu yake. Kukula kwa mafunde kumadalira zinthu zitatu: mphamvu ya mphepoyo, kutalika kwa nthawi imene yawomba, ndi kutalika kwa mtunda wa pamadzi umene yadutsa popanda chotchinga. Ndi chifukwa chake pa dziwe la kudambo sitionapo mafunde aakulu ngakhale kuwombe chimphepo chosasula madenga. Dziwelo ndi laling'ono, mphepo ilibe poyambira.

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550 kuchokera kummwera kufika kumpoto, koma m'lifupi mwake siipitirira makilomita pafupifupi 75. Mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kummwera cha kum'mawa kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, imatsata kutalika kwa nyanjayi. Motero imakhala ndi mtunda wautali wokulitsira mafunde, ndipo mafunde ake amatha kutalika kuposa munthu. Asodzi amaidziwa bwino mphepo imeneyi. Pa 30 Julayi 1946, nyengo ya mwera, sitima ya Vipya inamira pafupi ndi Chitimba kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anafa. M'nyengo ya dzinja mphepo imatembenuka, kumawomba mpoto, mafunde nayamba kumenya magombe kuchokera mbali ina.

Pali chinthu china chofunika kuchizindikira. Funde likamayenda pakati pa nyanja, si madzi amene akuyenda ulendo wonsewo. Tengani chingwe chachitali, mnzanu agwire mbali ina, inu muchigwedeze. Mudzaona kanthu konga funde kakuthamanga kupita kwa mnzanuyo, chingwe chili chikhalire m'manja mwanu. Ndi m'menenso zilili pamadzi. Ponyani chitsononkho patali, mudzaona chikungokwera ndi kutsika pamene mafunde akudutsa pansi pake. Chimene chikuyenda ndi mphamvu. Funde likafika posaya, kunsi kwake kumakhula pansi ndi kuchedwa, pamwamba pake nkugwera kutsogolo. Pamenepo timati funde lasweka, ndipo mphamvu yonse imene lasenza kuchokera kutali imatulidwa pa gombe.

MAFUNDE AMAMANGA, MAFUNDE AMAGUMULA

Imani pa gombe muyang'anitsitse. Funde likasweka, madzi amathamangira kumtunda atanyamula mchenga, kenaka amabwerera m'nyanja atanyamulanso mchenga. Zonse zimadalira kuti wamphamvu ndani pakati pa madzi opita ndi madzi obwerera.

Nyanja ikakhala bata, mafunde amabwera aang'ono ndi motalikirana. Madzi ena amalowa mumchenga asanabwerere, motero obwererawo amakhala ofooka ndipo amasiya mchenga kumtunda. Gombe limakula. Koma nthawi ya mwera mafunde amabwera aakulu ndi motsatizana. Mchenga umakhuta madzi, obwerera amakhala amphamvu, ndipo amakokera mchenga m'nyanja. Gombe limachepa.

Mchenga wokokedwawo sutayika wonse. Wambiri umaunjikana pansi pa madzi chapafupi ndi gombe, ngati mzere wa m'munda. Mzere umenewu umaswa mafunde aakulu asanafike kumtunda, ndipo bata likabwerera, mafunde aang'ono amaubweza mchenga uja pang'onopang'ono. Tinganene kuti gombe la mchenga limadziteteza lokha. Limapereka mchenga nthawi ya mavuto ndi kuulandiranso nthawi ya mtendere, malinga ngati mchengawo ulipo wokwanira.

Pamene gombe lili la dothi lokwera, mafunde amayamba kufukula kunsi. Amamenya ndi madzi, amamenyanso ndi mchenga ndi timiyala timene anyamula, mpaka pansi pamachita mphanga. Dothi la pamwamba likasowa pokhala limagumuka, mafunde nkulichotsa, ntchito nkuyambiranso. Umu ndi m'mene munda umathera, mzere umodzi chaka chino, mizere iwiri chaka chamawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pamene pali matanthwe, monga ku Nkhata Bay ndi m'malo ena a ku Cape Maclear, mafunde amachedwa kwambiri kugumula. Matanthwe olowa m'nyanja ndi amene amalandira ukali wa mafunde, pamene m'malo olowa kumtunda madzi amakhala odekha ndipo mchenga umaunjikana. Ndi chifukwa chake madoko ambiri a asodzi ali pa mchenga wa pakati pa mapiri awiri.

MCHENGA UMAYENDA CHAM'MBALI

Kawirikawiri mafunde safika pa gombe molunjika. Amafika chopendekera, kutsata kumene mphepo ikuchokera. Madzi opita kumtunda amakankha mchenga chopendekeranso, koma pobwerera amatsika molunjika kutsata kutsetsereka kwa gombe. Funde lotsatira limachitanso chimodzimodzi. Motero kamchenga kalikonse kamasuntha pang'ono cham'mbali pa funde lililonse. Mafunde amafika zikwizikwi pa tsiku, ndiye pakutha pa nyengo mchenga wochuluka umakhala utasamuka. Kumbali ya kuno ya nyanja, mwera umakonda kukankhira mchenga chakumpoto, ndipo mpoto umaubwezako chakummwera.

Yesani izi ndi ana asukulu: ponyani chitsononkho pamene mafunde akuswekera tsiku la mphepo, muike chizindikiro pamene mwaima, ndipo muchitsate kwa mphindi khumi. Mudzapeza kuti mwayenda m'mbali mwa gombe. Njira imene chitsononkhocho chadzera ndi imenenso mchenga umadzera.

Pamene gombe lakhota, mchenga woyendawu umapitirira molunjika ndi kumanga kamtunda kakatali kolowa m'madzi. Ku Nkhotakota kuli kamtunda kotere kotchedwa Sungu, kamene kamatchinjiriza doko ku mafunde. Chakummwera kwake kuli thamanda lalikulu la Chia, limene linalekanitsidwa ndi nyanja ndi mtunda wa mchenga, nkungotsala kamtsinje kolumikiza. Malo onsewa sanaumbidwe tsiku limodzi, ndipo mpaka lero akusinthabe.

Nanga mchengawo umachokera kuti? Wina umachokera ku magombe ogumuka, koma wambiri umabwera ndi mitsinje monga Linthipe, Bua, Dwangwa, Rukuru ndi Songwe. Mitsinje imeneyi imatula mchenga pamathiriro pake, mafunde nkumaugawa m'magombe. Choncho gombe lili ngati nkhokwe. Mitsinje ndi mafunde zimathiramo, mafunde omwewo amatapamo. Zothira zikamafanana ndi zotapa, nkhokwe siitha. Koma wina akayamba kutapamo mwamseri, kapena kutseka njira imene chimanga chimadzera, tsiku lina tidzapeza nkhokwe ili mbee.

Tisaganize kuti kukokoloka kwa nthaka kumtunda ndi phindu kwa a kunyanja. Mitengo ikatha m'mapiri, mitsinje imabwera ndi matope ochuluka. Matope samanga gombe. Amadetsa madzi, amakwirira miyala imene mbuna zimapezapo chakudya, ndiponso amawononga malo a m'mitsinje amene mpasa zimaswerako. Apa tikuona kuti wa kumtunda ndi wa kunyanja amadyera mbale imodzi.

KUDZAZA NDI KUPHWA KWA NYANJA YAMCHERE

Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, komabe katundu wathu wambiri amadzera pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, ndipo anamondwe amene amatipweteka amachokera ku nyanja ya India komweko. Ndi bwino tsono kudziwa chinthu chimodzi chimene chimachitika kumeneko koma sichioneka kwathu kuno.

Madzi a nyanja yamchere amadzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku. M'malo ambiri amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, ndiye nthawi yodzaza imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Chimachititsa zimenezi ndi mphamvu yokoka ya mwezi, mothandizidwa ndi ya dzuwa. Mwezi ukakhala kumdima kapena ukakhala wathunthu, dzuwa, mwezi ndi dziko zimakhala pa mzere umodzi ndipo zimakoka mothandizana. Masiku amenewo madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Mwezi ukakhala theka, kudzaza ndi kuphwa kumachepa.

Ku Beira, pamathiriro pa mtsinje wa Pungwe, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumapitirira mamita 6 pa masiku amphamvu. Munthu akhoza kuyenda pa mchenga m'mawa, masana pomwepo nkukhala pozama pomiza nyumba. Kudzaza kumeneku kumakweza mafunde kuti amenye pamwamba pa gombe, ndipo madzi olowa ndi kutuluka m'mathiriro amasuntha mchenga ndi matope ambiri. Mzinda wa Beira uli pa malo otsika kwambiri. Umatetezedwa ndi milu ya mchenga ya m'mphepete mwa nyanja, zipupa zimene anthu anamanga, ndi mitengo yomera m'matope a madzi amchere imene kumeneko amaitcha mangal. Mizu ya mitengo imeneyi imagwira matope ndi kufooketsa mafunde, koma yambiri yadulidwa chifukwa cha nkhuni, makala ndi milimo.

Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wa Idai anafika kumtunda pafupi ndi Beira. Anthu oposa 1,000 anafa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Namondwe amakankhira madzi a nyanja kumtunda, ndipo akakumana ndi tsiku lodzaza kwambiri chionongeko chimakula. Usiku umenewo mwezi unali theka, motero madzi sanali pa msinkhu wake waukulu. Ukanakhala wathunthu, madzi amchere akanalowa mumzindawo kuposa m'mene analowera. Tidziwenso kuti chifukwa cha kutentha kwa dziko, madzi a nyanja zamchere akwera ndi masentimita pafupifupi 20 kuyambira mu 1900, ndipo akukwerabe.

NYANJA YATHU IMAKWERA NDI KUTSIKA MWA NJIRA YAKE

Tibwerere kwathu. Mwezi umakokanso madzi a nyanja ya Malawi, koma pang'ono zedi moti maso sangaone. Kukwera ndi kutsika kumene timakuona kuno kumachokera ku mvula. Madzi amafika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi, mitsinje itatula madzi a dzinja, ndipo amatsika mpaka cha mu Novembala kapena Disembala. Kusiyana kwake pa chaka kumakhala pafupifupi mita imodzi. Mtsinje wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire, koma madzi ochuluka kwambiri amachoka m'nyanjamo pouma ndi dzuwa ndi mphepo.

Pamwamba pa kusintha kwa pa chaka pali kusintha kwa zaka zambiri. Cha mu 1915 nyanja inatsika kwambiri mpaka inaleka kuthira mu Shire, ndipo mchenga ndi zomera zinatseka njira ya madzi kwa zaka pafupifupi 20, kufikira cha mu 1935. Mu 1980 inakwera kufika pafupifupi mamita 477. M'zaka za m'ma 1990 inatsikanso chifukwa cha chilala. Anthu anaona mtunda wouma, ena analimapo, ena anamangapo. Mu 2024 madzi anabwerera.

Pa gombe losatsetsereka kwambiri, kukwera pang'ono kumatenga malo aakulu. Tiyerekeze kuti gombe limakwera mita imodzi pa mamita 50 alionse. Nyanja ikakwera mita imodzi, madzi alowa mamita 50 kumtunda. Ikakwera mamita awiri, alowa mamita 100. Ndipo mafunde a mwera, amene amayamba madzi ali pachimake, amakamenya pa maziko a nyumba zimene kale zinali kutali ndi madzi.

Ku Liwonde kuli chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage chimene chinamangidwa mu 1965 kuti madzi a mu Shire aziyenda mwa muyeso, makamaka chifukwa cha magetsi a ku Nkula ndi malo ena a kumunsi. Madzi akakwera, a kunyanja amafuna kuti zitseko zitsegulidwe kwambiri. Koma madzi otulukawo amapita kwa abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene nawonso amavutika ndi kusefukira. Nkhani ya madzi imafuna kumva mbali zonse.

PAMENE MANJA A ANTHU ALOWERERAPO

Mafunde akhala akugwira ntchito yake kuyambira kalekale. Chimene chasintha ndi kuchuluka kwa ntchito zathu pa gombe. Titchulepo zinayi.

Choyamba ndi kukumba mchenga. Matauni akukula, ndipo nyumba iliyonse ya simenti imafuna mchenga. Malole amatapa m'mitsinje ndi m'magombe. Dzenje lokumbidwa pa gombe limakwiririka pakapita masiku, ndipo wokumbayo amati onani, mchenga subwerera nanga? Koma mchenga wokwirira dzenjelo wachoka pa gombe la mnansi.

Pa nkhani imeneyi tiphunzire kwa anthu a kutali amene zinawaonekera kale. Ku England, m'chigawo cha Devon, kunali mudzi wa asodzi wotchedwa Hallsands. Nyumba zake zinali pa thanthwe, ndipo kutsogolo kwake kunali gombe la timiyala limene linkaswa mafunde. Kuyambira mu 1897 boma linalola kuti timiyala ndi mchenga zikumbidwe m'madzi pafupi ndi mudziwo kukakulitsira doko la sitima zankhondo ku Plymouth. Akuluakulu ankati nyanja idzabweza yokha. Matani oposa 600,000 anachotsedwa, gombe linatsika, ndipo asodzi atadandaula kwa zaka zingapo kukumbako kunaletsedwa mu 1902. Koma timiyala tija sitinabwerere. Pa 26 Januwale 1917 chimphepo chinakumana ndi madzi odzaza kwambiri, ndipo pafupifupi nyumba zonse za m'mudzimo zinagumuka. Palibe anafa, koma mudzi unatha. Taonani kuti panapita zaka 15 kuchokera pamene kukumba kunaleka kufika pamene tsoka linagwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachiwiri ndi kutchetcha ndi kutentha bango. Bango ndi udzu wa m'mphepete zimafooketsa mafunde, mizu yake imagwira dothi, ndipo ana a nsomba amabisalamo. Ena amachotsa bango kuti alendo aone mchenga woyera, ena kuti akoke khoka bwino, ena kuti alime mpunga. Bango likachoka, mafunde amafika pa dothi ndi mphamvu zawo zonse.

Chachitatu ndi zipupa. Munthu wa ndalama akaona madzi akuyandikira amamanga chipupa cha miyala ndi simenti. Chipupa sichimwa mphamvu ya funde monga umachitira mchenga. Chimalibweza, ndipo madzi obwererawo amafukula mchenga wa patsinde pa chipupacho ndi kudya kwambiri pamene chathera. Ena amamanga chipupa cholowa m'nyanja kuti chigwire mchenga woyenda cham'mbali uja. Mbali imodzi mchenga umaunjikanadi, koma mbali inayo gombe limasowa chakudya ndi kuyamba kutha. Kawirikawiri amene ali mbali imeneyo ndi msodzi wosauka amene sanafunsidwe.

Chachinayi ndi kumanga ndi kulima pafupi kwambiri ndi madzi. Milu ya mchenga ya kuseri kwa gombe ndi nkhokwe yosungira nthawi ya mavuto. Tikaisalaza kuti timangepo, tachotsa mlonda wathu.

Komabe tisafulumire kuweruza. Mnyamata wopakira mchenga m'lole akufuna ndalama ya ufa. Mayi wolima m'mphepete alibe munda wina. Ifenso nyumba zathu, masukulu ndi matchalitchi athu zinamangidwa ndi mchenga. Funso si lakuti tileke kugwiritsa ntchito mchenga. Funso ndi lakuti tikumbe kuti, wochuluka bwanji, ndani avomereze, ndipo ndani adzalipire zinthu zikaonongeka.

MALAMULO AKUTI BWANJI?

Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994, m'gawo 13, amapatsa boma udindo wosamala zachilengedwe moganizira mibadwo imene ikubwera. Lamulo la zachilengedwe la mu 2017 limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi abwino, ndiponso ali ndi udindo wowasamala. Lamulo lomweli limafuna kuti ntchito zikuluzikulu zisanayambe paunikidwe kaye m'mene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu okhala pafupi. Lamulo la madzi la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene mu 2024 linakumbutsa anthu kuti sayenera kumanga pa malo otsika kuposa mamita 477 m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Onani kuti mlingo umenewu ukufanana ndi pamene madzi anafika mu 1980.

M'midzi ya kunyanja muli makomiti a pa doko, amene anayamba mu 1993 ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire pofuna kuti asodzi eniake azitengapo mbali posamala nsomba. Tilinso ndi mafumu, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, makhansala, ndi maofesi a zachilengedwe ndi a nsomba ku khonsolo. Anthu amenewa alipo kuti atitumikire. Kufunsa si mwano, ndipo safunsa anadya phula.

ZOTI TICHITE

1. Tifunse akuluakulu a m'mudzi atisonyeze pamene madzi anafika mu 1980 ndi mu 2024. Tibzalepo mzere wa mitengo kuti ana athu adzadziwe malire ngakhale madzi atatsika.
2. Tisagule kapena kugulitsa malo omangapo kunsi kwa mzere umenewo, ngakhale mtengo wake ukhale wotsika.
3. Tikhomere zikhomo zingapo kumtunda, ndipo tiziyeza mtunda wochoka pa chikhomo kufika pamene gombe layambira kugumuka, kawiri pa chaka. Tizilemba m'kope. Dandaulo lokhala ndi manambala limamveka msanga ku khonsolo.
4. Tigwirizane ndi mfumu ndi komiti ya pa doko za malo amene bango silidzatchetchedwa, ndipo tibzalenso pamene linatha.
5. Wokumba mchenga wa malonda timufunse mwaulemu kuti ationetse chilolezo chake, ndipo tidziwe kumene ndalama zolipira zikupita.
6. Wina akafuna kumanga chipupa kapena malo ogona alendo, tipemphe msonkhano wa anansi a mbali zonse ziwiri ntchito isanayambe, ndipo njira yopita ku doko ikhale yotsegula.
7. Ife a kumtunda tisiye mitengo ndi udzu m'mbali mwa mitsinje, ndipo tilime mizere yopingasa chitsetso.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. Kodi gombe kapena mtsinje wa kwathu wasintha bwanji kuyambira tili ana? Ndi chiyani chimene chinalipo koma lero palibe?
2. Mchenga umene tinamangira nyumba zathu unachokera kuti? Tinafunsapo?
3. Ngati mwini chipupa wateteza malo ake koma munda wa mnansi wagumuka, chilungamo chikufuna kuti pachitike chiyani?
4. Achinyamata amene amadalira kupakira mchenga tingawathandize bwanji ngati kukumba pa malo ena kwaletsedwa?
5. Pa mfundo zisanu ndi ziwiri zili pamwambazi, tiyamba ndi iti mwezi uno, ndipo atsogolere ndani?

MAWU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, palibe wa ife amene angaletse mwera kuwomba kapena kuuza nyanja pamene ilekezere. Madzi adzatsikanso monga anachitira kale, mtunda wouma udzaonekanso, ndipo padzapezeka ofuna kuugulitsa ndi ofuna kuugula. Nthawi imeneyo ndi imene phunziroli lidzafunike kwambiri. Tikadzasiya malo oti gombe liziyendamo, tikadzasunga mchenga ndi bango, ndipo tikadzafunsana tisanamange, madzi pobwerera adzapeza mitengo m'malo mwa nyumba za anthu. Ntchito imeneyi si ya munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mlembi wa gulu alembe zimene mwagwirizana lero, ndipo mudzaziwerengenso pa msonkhano wotsatira kuti muone zimene zachitika.